Mpopi Wodziwa Mvula

Olivia anapempha nkhwani Lamulungu lina m'mwezi wa Malichi, atakhala pampando wa bambo ake, miyendo atasanjika pakastulu. Sanachite kukuwa ayi. Anangoyang'ana kudenga n'kunena kuti, "Adadi, ndikufuna nkhwani. Wotendera."

A Clifton Kamtambe anatsala pang'ono kudzitayira tiyi pamiyendo.

Kuti mumvetse, muyenera kumudziwa mwana ameneyu. Anabwera ku Glasgow ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chaka chisanathe lilime linali litapindika kale. Ukamufunsa kuti wadzuka bwanji, ankakuyankha m'Chingerezi cha kuno chija, chomwe ngakhale azungu anzawo a ku London amachita kutchera khutu kuti amve. Ndiwo zakwathu ankazikankhira m'mphepete mwa mbale ndi foloko, nkhope atakwinya. Zaka makumi awiri bambo ake ankangoyang'ana, koma zinkawapweteka. Tsopano ndi uyu, wakwatiwa ndi Jeff, mnyamata wachisikoti wa ku Shawlands, akuyembekezera mwana woyamba, ndipo wapempha nkhwani m'Chichewa chomveka bwino.

"Wati chiyani, mama?" anafunsa dala, kuti amvenso.

Olivia anabwereza, koma m'Chingerezi tsopano. Anati akunena masamba aja othira nsinjiro, amene amayi anaphika chaka chatha iye n'kukana.

A Rozina, akazi awo a Clifton, anaseka ali kukhitchini. "Si iyeyo akufuna ayi, ndi mlendo ali m'njirayo. Ameneyo ndi wa ku Ntcheu basi, palibe zokambirana."

A Clifton sanaseke nawo. Analumbira chamumtima kuti nkhwaniyo mwanayu adzadya, ndipo adzakhala wolima iwo ndi manja awo. Chinali chinthu choyamba cha kumudzi chimene mwana wawo anawapemphapo, ndipo sakanalola kuti chiwalake.

Zolima ankazidziwa, pamenepo tisawanamizire. Asanayambe kuyendetsa basi m'misewu ya Glasgow anali mlangizi wa zaulimi ku Ntcheu zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mpaka lero akamalankhula za manyowa amaimika chala ngati pali alimi makumi atatu atakhala pansi pa mtengo. Kuseri kwa nyumba yawo ku Dennistoun kuli kabwalo ka anthu onse a pamdadada, koyanika zovala ndi kosunga mabini a zinyalala. Pakona pake a Clifton anamangapo kanyumba ka pulasitiki, poti maungu ndi mphepo ya kuno samvana. Mbewu ankatenga m'maungu aja azungu amagoba maso ndi mano mwezi wa Okutobala kenako n'kutaya. Nkhani ya kutaya maunguyi musawayambe, mungachedwe kuntchito.

Mu Epulo anafesa pawindo la kuchipinda. Kumapeto kwa Meyi anawokera mbande khumi ndi ziwiri m'kanyumba muja. Olivia ankaimba foni mlungu uliwonse kufunsa ngati zatheka. Amayi ake anayesa kumunyengerera ndi sipinachi wothira chiponde, iye analawa kamodzi n'kukankha mbale. Koma bambo ake anakaniza kuthyola ngakhale tsamba limodzi.

"Ayambe wayanga kaye," ankatero. "Ukathyola msanga umapha mphamvu. Pakati pa Julaye, mama, udzadya mpaka udzatope."

Vuto linali loti Julaye yemweyo kunali ukwati ku Ntcheu. Mwana wa achimwene awo ankakwatiwa, ndipo nkhoswe anali a Clifton. Nkhoswe situmiza uthenga wa pafoni. Ulendo unali wa masabata atatu, iwo ndi akazi awo, ndipo maungu a m'kanyumba ka pulasitiki sakhala masabata atatu osamwa.

"Tiwapemphe Mayi Anastasia azidzathirira," anatero a Rozina tsiku lina akusita.

"Ndani?"

"Mwamva, Bambo a Olivia."

"Bola ndipemphe mbuzi!"

Apa pali mbiri. Chaka chathachi banjali linapita ku Leeds masiku khumi, ndipo linasiya munda m'manja mwa Mayi Anastasia, mtsogoleri wa amayi a Mvano kutchalitchi kwawo. Kuthirira anathirira ndithu, m'mawa ndi madzulo, osaphonya. Koma munthu wakwathu angalowe m'munda wa nkhwani n'kutuluka chimanjamanja? Tsiku loyamba anathyola ka ndiwo za madzulo. Tsiku lachiwiri anabwera ndi mnzawo, nayenso anathyola pang'ono chabe. Lamulungu lisanafike, Mvano yonse inali itadziwa njira ya ku Dennistoun. A Clifton pobwera anapeza dothi lonyowa bwino, mitsitsi yathanzi, masamba psiti. Ndipo kudandaula sakanatha, chifukwa aliyense anawagwira chanza patchalitchi n'kuwathokoza kuti Mulungu awadalitse, ndiwo zinali zofewa.

"Chaka chino sakhudza munthu," anatero a Clifton. "Munda udzithirira wokha."

A Rozina anaika simbi pansi n'kuwayang'ana. "Wokha?"

"Wokha. Muona."

Anayamba ndi diramu yabuluu imene anapempha kumalo ena otsukira magalimoto. Anaitsuka katatu ndi sopo, n'kuikweza pamapaleti a matabwa anayi osanjikiza kuti madzi azitsika okha, popanda pampu. Kuchokera padenga la kanyumba ka mabini analumikiza gatala kuti mvula ikagwa izithira m'diramumo. Pansi pa diramu anaboola n'kuikapo kampopi, ndipo pakampopipo anamangirira chinthu chokhacho chimene anachita kugula, kawotchi ka mabatire kotsegula ndi kutseka madzi. Anakatchera kuti kazitsegula sikisi koloko m'mawa kwa mphindi khumi ndi zisanu. Paipi yakale yothirira, imene anaitola itatayidwa, anaiyala m'mizere iwiri ya maungu n'kuiboola pa phando lililonse ndi singano yowotcha pa chitofu.

Singanoyo inali ya a Rozina, ya pa makina awo osokera. Nkhani imeneyo inatha masiku awiri.

Kuyesa koyamba madzi anathera pa mbande zitatu zoyambirira, zakumapeto osalawa n'dontho lomwe. A Clifton anakanda m'mutu, anagwada, anayang'ana, kenako anazindikira kuti mabowo oyambirira achepetsedwe, akumapeto akulitsidwe. Anamata ndi tepi, n'kuboolanso. Kuyesa kwachiwiri paipi inafwamphuka pakampopi n'kuwanyowetsa thalauza lonse la yunifomu, ola limodzi asanalowe ntchito. Kachitatu, eee, zinatheka. Madzi anadontha pa phando lililonse, tho, tho, tho, ndipo bambo wamkulu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu anavina yekha pakati pa mabini.

Tsono m'masiku amenewo kunja kunachita zachilendo. Glasgow inakhala masabata atatu athunthu osagwa mvula. Azungu anavula malaya m'mapaki, khungu lili psuu, ndipo diramu ya a Clifton sinalandire kanthu kuchokera kudenga. Ankaidzaza okha ndi ndowa kuchokera kukhitchini, nsanjika yachitatu, masitepe makumi asanu ndi anayi kutsika, omwewonso kukwera. Munthu amene wasenza madzi choncho amawalemekeza. Anawerengera kuti diramu imodzi siingakwane masabata atatu ngati izitsegula tsiku lililonse, ndipo anagona nayo nkhawa imeneyo masiku angapo.

Nzeru inawabwerera ali pa chiwongolero, ataima pamaloboti a mu Duke Street. Nanga tsiku la mvula n'kuthiriranji? Ndani anaonapo munthu wamutu wabwino atanyamula keni mvula ikugwa? Iwo omwe ankadzudzula alimi ku Ntcheu chifukwa chotaya madzi. Mpopi uyenera kudziwa mvula!

Madzulo ake anaupanga, ndipo kunena zoona unali waluso. Anadula paipi pakati pa diramu ndi kanyumba, n'kulumikiza ndi kachidutswa ka chubu cha njinga, chofewa. Pamwamba pake anakhomera ndodo pa msomali kuti izitha kupendekeka. Kumapeto kwa ndodoyo, panja, poyera, anapachika chigoba cha majarini. Mvula ikagwa, chigoba chimadzaza, chimalemera, ndodo imatsika n'kufinya chubu chija kuti madzi asadutse, ngakhale kawotchi katsegule. Pansi pa chigobacho anaboola kabowo kakang'ono n'kutsekera kansanza, kuti mvula ikasiya madzi azidontha pang'onopang'ono, pakatha tsiku chigoba chipepuke, ndodo idzuke, munda uyambenso kumwa.

Lamulungu lomaliza asananyamuke anaitana anthu atatuluka m'tchalitchi. Anabwera khumi ndi anayi, ena ndi mayunifomu a Mvano, ena ndi masuti, n'kuzungulira kanyumba kaja. Panali namwino, panali ophunzira awiri a ku yunivesite ku Hillhead, mmodzi wa iwo akuchita digiri ya udokotala wa zamainjiniya. Dzuwa linali phwee. A Clifton anatsegula kawotchi ndi dzanja, madzi anayamba kudontha.

"Tsopano tiyerekeze kuti kwabwera mvula," anatero, chala chili m'mwamba.

Anatenga keni n'kuthira m'chigoba cha majarini. Ndodo inatsika pang'onopang'ono, chubu chinafinyika, madontho analeka. Nthawi yomweyo m'manja munalira. Wina anaimba nthungululu mpaka mzungu wa pansanjika yoyamba anasuzumira pawindo.

"Koma abale, mutu uwu!" anatero wa zamainjiniya uja akujambula ndi foni. "Mpopi wodziwa kuti kunja kukugwa mvula!"

Onse anagwirizana kuti n'zanzeru. Anthu khumi ndi anayi, onse anakulira kumene mvula ikagwa khasu limatuluka ndipo keni imapachikidwa, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona cholakwika. Olivia sanabwere tsiku limenelo, msana unkamuvuta.

Mayi Anastasia okha ndi amene sankayang'ana ndodo. Maso awo anali m'kati, pa masamba akuluakulu obiriwira aja ndi nsonga zanthete zikukwawa pansi.

"Koma wakula bwino chaka chino, achimwene," anatero mofatsa. "Sakufunika womusuzumira?"

"Ayi, mayi, musavutike," anayankha a Clifton mwaulemu wonse. Anatulutsa loko watsopano m'thumba, n'kukhoma chitseko anthu onse akuona. Kiyi anamangirira pamodzi ndi makiyi a masutikesi.

Ku Ntcheu anafika bwino. Kunali kozizira, kouma, fumbi lili kobo, ndipo ntchito ya unkhoswe inali yambiri. Koma m'mawa uliwonse a Clifton ankayamba ndi kuyang'ana pafoni nyengo ya ku Glasgow. Tsiku lomwe ananyamuka, dzuwa lija linatha. Lolemba mvula. Lachiwiri mvula. Lachitatu mvula ndi mphepo. Mlungu wonse kachithunzi kanali kamtambo kakuda kokhala ndi timizere pansi.

"Mayi a Olivia, taonani," ankatero mokondwa. "Mulungu akutithiririra yekha. Diramu yanga ikungopuma."

"Tithokoze," ankayankha a Rozina, maganizo ali pa makeke a ukwati.

Akaimba foni kwa Olivia, mwanayo ankati ali bwino, mlendo akumenya mateche, Jeff akumusamala. Za nkhwani anasiya kufunsa. Bambo ake anaganiza kuti waphunzira kudikira, ndipo anamunyadira.

Linafika tsiku la ukwati, tsiku lakhumi ndi chiwiri chichokereni ku Glasgow. Atachoka kutchalitchi, anthu ankadikira kuti akwati abwere kojambulitsa kuti madyerero ayambe. A Clifton anali kuseri kwa holo ndi azibambo asanu, suti ili gwa, duwa pachifuwa, akuwaonetsa vidiyo ija anajambula wa zamainjiniya. Aka kanali kachisanu ndi chiwiri kuionetsa chifikireni. Anafotokoza za diramu, za singano yowotcha, za chigoba cha majarini, ndipo azibambo ankangogwedeza mitu.

Alamu awo a Rachel, mayi a mkwatibwi, ankadutsa ndi beseni la mbale pamutu. Anaima n'kusuzumira pafonipo.

"Ndiye munda wake ndi umenewu, alamu? Wokongola. Nanga chinyumbachi n'chachiyani?"

"N'choteteza kumphepo, alamu. Kuja kumazizira."

"Oho. Chili ndi denga?"

"Eya, pulasitiki yokhayokha, mpaka pansi. Simulowa kanthu."

"Nanga mvulayo imalowera pati?"

Anafunsa osaganiza n'komwe, ndipo sanadikire yankho, wina anawaitana kukhitchini. A Clifton anatsala pakamwa pali yasa. Anayang'ana vidiyo ija. Ndodo ikutsika, chubu chikufinyika, anthu akuwomba m'manja, ndipo kumbuyo kwake maungu khumi ndi awiri ali phee pansi pa denga losadontha.

Masiku khumi ndi awiri! Mvula ikugwa tsiku lililonse, chigoba chili chodzaza, ndodo ili pansi, diramu ikusefukira panja, m'kati mulibe ndi dontho lomwe. Ndipo chitseko anakhoma okha, kiyi ali m'chipinda cha alendo komweko ku Ntcheu.

"Mwatani, ankhoswe?" anafunsa mmodzi wa azibambo aja.

"Ndikubwera," anatero, mawu ali ang'onoang'ono.

Anapita kukaima paokha pafupi ndi thanki ya madzi. Manyazi a pamaso pa anthu sanawaganizire n'komwe. Chimene chinawalasa mtima chinali nkhope ya Olivia. Mwana wadikira kuyambira Malichi. Anamukaniza ngakhale tsamba limodzi, ati ayambe wayanga. Kudzala kwina sikukanathekanso, chilimwe cha ku Glasgow n'chachifupi ngati tchuthi cha Khirisimasi. Mwana akanadzabadwa mu Ogasiti, nkhuli ikanadzatha, ndipo Olivia akanabwerera ku zakudya zake za m'mapaketi osalawa nkhwani wa bambo ake. Khomo limene linatseguka kamodzi m'zaka makumi awiri, iwo analitseka ndi chigoba cha majarini.

Anaganiza zoimbira Jeff, koma mpongozi ungamuuze bwanji zopusa zotere? Anaganiza za Mayi Anastasia, mtima unakana. Pomaliza anaona kuti mwini nkhwani ndiye ayenera kumva choyamba. Anaimba pavidiyo.

Olivia anayankha msanga. Nkhope yake inadzaza foni yonse, kumbuyo kukuoneka khoma la miyala yofiirira. Anafunsa m'Chingerezi ngati ukwati watha, ndi chifukwa chake akuoneka ngati awona mzukwa.

"Mama, ndili ndi nkhani. Ukhale pansi."

"Ndakhala kale, adadi."

"Ndalakwitsa, mwana wanga. Mpopi uja... ndinaupanga kuti mvula ikamagwa uzitseka. Koma maungu ali m'nyumba. Mvula siwafika." Anameza mate. "Nkhwani wako wauma, mama. Ndamupha ine, bambo ako, ndi nzeru zangazi. Undikhululukire."

Olivia anawayang'ana osaphethira. Milomo yake inayamba kunjenjemera, ndipo a Clifton anatseka maso poganiza kuti mwana akulira. Kenako anamva chikhakhali. Sichinali cha Olivia yekha ayi. Panali china chachikulu, cha munthu wamkulu, chimene ankachidziwa bwino kuchokera pabenchi lakutsogolo kutchalitchi.

Foni inatembenuka. Anaona kabwalo kawo ka ku Dennistoun, zingwe zoyanikira zili zonyowa. Chitseko cha kanyumba chinali chotsegula, loko akulendewera atadulidwa. Chigoba cha majarini chinali pansi chozondoka, wina atachitsendereza ndi njerwa. Ndipo pakhomo la kuseri, pamene mvula siifika, panakhala Mayi Anastasia pa mpando wa pulasitiki, chitenje m'chiuno, lichero pamiyendo, akupukuta misozi ya kuseka.

"Mwaswera bwanji, achimwene?" anakuwa. "Ukwati ukuyenda?"



Olivia anabwezera foni kunkhope yake n'kufotokoza mwachangu, Chingerezi chili patsogolo, Chichewa chikutsatira mopunthwapunthwa. Anati anapirira masiku anayi okha. Tsiku lachisanu anadzuka nkhwani akumununkhira m'mphuno, anamuuza Jeff kuti atenge chodulira zitsulo, akukaba nkhwani kwa bambo ake. Atafika anapeza masamba onse atalefuka, dothi lili gwa, kunja mvula ikukhuthuka. Anayang'ana ndodo, anayang'ana chigoba, anayang'ana denga. Anati sizinamutengere ndi mphindi imodzi yomwe.

"Adadi, kuno ndi ku Glasgow," anatero. "Chigoba chimenecho chikanauma liti?"

"Nanga... afa angati?"

"Atatu a kumapeto. Ena onse anadzuka. Diramu yanu ikugwira bwino, kawotchi kanu kakugwira bwino. Jeff akuti mabowo anu a paipi ndi aukatswiri."

"Watero?" anafunsa a Clifton, mphuno ikuyamba kudzuka pang'ono. "Nanga bwanji sunandiuze?"

"Ndikanati chiyani? Kuti ndathyola loko wanu ndipo ndikukuberani?"

Anapitiriza kuti tsiku loyamba anaphika yekha, osasadzula, ndipo anakhala ngati akutafuna siponji yotsukira mapoto. Analira. Kenako anaimbira Anti Anastasia, amene anakwera basi nthawi yomweyo ndi paketi ya nsinjiro m'chikwama.

"Ndipo musade nkhawa, achimwene," analowerera Mayi Anastasia, "Mvano sindinaiuze. Ndikuthyola za mwanayu basi." Anayang'ana m'lichero. "Ndi zanga pang'ono chabe."

A Clifton anaseka mpaka anatsamira thanki ya madzi. Misozi inatsika, ina ya kuseka, ina ayi, ndipo sanavutike kuisiyanitsa.

"Ndiye wadya, mama? Wadyadi?"

"Kanayi. Lero kachisanu. Taonani."

Anaimika foni penapake n'kukhala bwino, mimba ili patsogolo. Anatenga tsamba m'lichero, anathyola kumapeto kwa phesi, n'kukoka ulusi pang'onopang'ono mpaka m'mitsempha ya tsamba, lilime atalumira pakona pa mlomo. Ulusi unaduka pakati. Anang'ung'udza m'Chingerezi, anayambiranso mbali ina, ndipo ulendo uno unatsika wonse. Anaukweza m'mwamba kuti bambo ake aone.

"Kusadzula," anatero mosamala, mawuwo akutuluka ndi kamvekedwe ka ku Glasgow.

"Kusadzula," anavomera a Clifton.

M'holo zoimbira zinayamba kulira, ndipo wina ankaitana pa chimkuzamawu kuti ankhoswe a kuchikazi abwere kutsogolo. A Rozina anatulukira pakona, nsalu ya ukwati ili mbee, akuwakodola ndi manja onse awiri. Iwo anakweza dzanja kuti adikire.

Chifukwa Olivia anali atanyamuka, foni ili m'manja, akulowa m'kanyumba muja. Mvula inkamveka kugogoda papulasitiki. Maungu anali atayanga mpaka pakhomo, obiriwira, ndipo paipi inali m'malo mwake, dothi lakuda mozungulira bowo lililonse.

"Adadi, musadule kaye. Anti akuti ndithyole aliwonse ofewa, koma ndikuopa kupha mbewu. Ndithyole ati kuti aphukenso?"

"Ankhoswe a kuchikazi, chonde!" chinabwereza chimkuzamawu.

A Clifton anatembenukira kukhoma, n'kutseka khutu linalo ndi chala.

"Sendera pafupi, mama, ndione. Eya, pamenepo. Ukuiona nsongayo? Imeneyo usaikhudze, ndi imene ikuyenda. Werenga kuchokera pamenepo kubwerera m'mbuyo."

"Limodzi," anatero Olivia. "Awiri."

"Lachitatulo. Ligwire kaye, ndi lofewa?"

"Ndi lofewa."

"Thyola ndi chikhadabo, pafupi ndi tsinde. Osakoka."

Olivia anathyola, n'kufunsa kuti kenako liti.